Geji, Sikelo ndi Mphasa ya Magetsi: M'mene Zimvera Kupanikiza

Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwa cifukwa ca mafakitale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Boma linasankha malo a pafupi ndi mtsinje wa Kafue ndi njanji kuti pakhale mudzi wa nchito, ndipo anthu anadza kucokera ku zigawo zonse za Zambia, ena kudzaomba nsaru ku Kafue Textiles, ena kudzafufuta zikopa kwa Bata, ndi ena ambiri kudzapanga fataleza ku Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale imene inayamba nchito m'caka ca 1970. Mwa anthu amenewo munali amuna ena amene nchito yao inali yooneka ngati ya ulesi. Sanali kusenza thumba kapena kugwira fosholo. Anali kungoyenda ndi buku m'manja, kuima pa kawochi kokhala pa paipi, kukapenyetsetsa, kulemba, ndi kupita pa kena. Wosadziwa akadati amunawo alandirira ndalama kuyang'ana nthawi. Koma kawochiko sikanali ka nthawi. Kanali geji, ndipo muvi wace unali kunena za mphamvu yobisika m'kati mwa paipi, mphamvu imene ikadapyola malire ikadang'amba citsulo ngati nsaru yakutha.

Mphamvu imeneyi amuna a ku nchito aicha pulesha, ndipo m'Cinyanja ndiko kupanikiza. Anthu ambiri aisokoneza ndi kulemera, koma ziwirizi nzosiyana. Mai wosenza mtsuko wa madzi ayamba waika nkhata pamutu. Nkhatayo sicotsa ngakhale dontho limodzi mu mtsuko, koma mutu suwawa, cifukwa kulemera kumene kukadagwera paliwombo pokha kwagawidwa pa malo otakasuka. Mlimi anola khasu pa cifukwa cosemphana ndi ici: afuna kuti mphamvu yonse ya mkono wace isonkhane pa kamzere kakang'ono, kuti nthaka ing'ambike. Ngakhale nyama ya m'madambo a Kafue yochedwa lechwe iri ndi ziboda zazitali zotambasuka, ndipo ithamanga m'matope popanda kutitimira. Cotero kupanikiza ndiko kulemera kogawidwa ndi ukuru wa malo pamene kulemerako kwatsamira.

Muyeso wace umene ulembedwa pa mageji ambiri ndi bar. Bar imodzi iri ngati kilo imodzi yotsamira pa malo a ukuru wa cikhadabo ca cala. Akuru amene anagwira nchito m'migodi masiku akale akumbukira muyeso wa mapaundi pa inchi. Bar imodzi ndi mapaundi 14 ndi theka. Thayala la galimoto yaing'ono lipopedwa kufika pa bar 2 kapena kupitirira pang'ono, ndipo mpweya woyendetsa jekehama pansi pa mgodi ukhala pa bar 6 kapena 7. Madzi nao ali ndi lamulo lao losabvuta kukumbukira: mamita 10 ali onse a kuya aonjeza bar imodzi.

Cipangizo coyamba comva kupanikiza munthu anabadwa naco. Yense amene anatsikapo m'keji ya mgodi adziwa m'mene makutu atsekekera, kufikira munthu atameza malobvu. M'kati mwa khutu muli kacikopa kopyapyala kokungika ngati ka ng'oma. Potsika, mpweya wa kunja ucuruka mphamvu, pakuti mpweya nao ulemera, ndipo wa pamwamba utsendereza wa pansi. Kacikopako kakankhidwira m'kati, mitsempha niuza ubongo. Pa kuya kwa mamita 1,000 mpweya upanikiza koposa wa pamwamba ndi gawo limodzi la magawo 10, kapena kupitirira pang'ono. Amene anatsimikiza kuti mpweya ulemera ndi Evangelista Torricelli wa ku Italy m'caka ca 1643, ndipo m'caka ca 1648 Blaise Pascal wa ku France anatuma mlamu wace kukwera phiri la Puy de Dôme ndi cipangizo ca Torricelli, napeza kuti pamwamba pa phiri mpweya upepuka. Zipangizo zimene zinapangidwa pambuyo pace zitsata njira ya khutu. Pali kanthu kamene kapindika pokankhidwa, ndipo pali kena kamene kanena za kupindikako. Kusiyana kwa zipangizozo kuli pa wonenayo.

Geji ya muvi inapangidwa ndi Eugène Bourdon ku Paris m'caka ca 1849, ndipo kufikira lero sinasinthe kweni-kweni. Munthu akacotsa galasi ndi nkhope yace apeza kapaipi kophwatalala, kawiri-kawiri ka mkuwa wosanganiza, kopindidwa ngati cikwakwa, kotsekedwa ku nsonga imodzi. Nsonga inayo ilumikizidwa ku paipi yaikuru. Mpweya, nthunzi kapena madzi zikalowa, kapaipiko kafuna kuongoka, monga m'mene cubu ca njinga copindika ciongokera mwana akayamba kucipopa. Nsonga yotsekedwayo isuntha pang'ono cabe, koma ikoka kamkono, kamkonoko kazunguza kagudumu ka mano, ndipo muvi uyenda. Mulibe magetsi, mulibe batire. Ndico cifukwa cace mainjiniya, ngakhale adzaze cipinda conse ndi makompyuta, sacotsa geji yotere pa boila.

Pa Kafue geji inali ndi nchito yoopsa. Fakitale ya Nitrogen inali kutenga malasha a ku Maamba, madzi ndi mpweya, ndi kupanga amoniya mwa njira imene Fritz Haber anaipeza ku Germany m'caka ca 1909, Carl Bosch naikuza kukhala ya fakitale m'caka ca 1913. Mipweya iwiri yopanga amoniya, naitirojeni ndi haidirojeni, siifuna kukwatirana. Igwirizana pokha-pokha itapanikizidwa kolimba pa moto waukuru, ndipo m'mafakitale otere kupanikizako kukhala pakati pa bar 150 ndi 300. Ndiko kunena kuti malo a ukuru wa cikhadabo asenza matumba 3 kufikira 6 a cimanga, a makilo 50 liri lonse. Kucokera ku amoniyayo kunali kuturuka mcere woyera wochedwa ammonium nitrate, umene mbali yace inapita ku minda monga fataleza, ndi mbali yina ku Kafironda, pafupi ndi Mufulira, kukapangira zophulitsira miyala. Cotero mnyamata wa ku Nkana kapena ku Nchanga poomba mwala anali kudalira, mosadziwa, maso a mnzace wa ku Kafue woyang'ana muvi.

Bvuto la muvi ndi lakuti ufuna munthu woima pomwepo. Kuti uthenga upite kutali pafunika magetsi. M'caka ca 1856 William Thomson, amene pambuyo pace anachedwa Lord Kelvin, anaona kuti nthambo ya citsulo ikakokedwa magetsi adutsamo mobvutikira koposa kale, pakuti italika ndi kuonda, monga m'mene madzi acepera mphamvu m'paipi yaitali yopapatiza. Nzeru imeneyi inagona zaka zoposa 80, kufikira m'caka ca 1938 pamene amuna awiri a ku America, Edward Simmons ndi Arthur Ruge, yense payekha, anaonetsa m'mene kanthambo koonda kuposa tsitsi kangamatidwire pa citsulo kuti kazinena za kupindika kwace. Masiku ano kanthamboko kasindikizidwa pa kapepala kocepa kuposa sitampa, kokhota-khota ngati njira ya ciswe, kuti kakhale kakatali pa malo ang'ono. Citsulo cikapindika, kapepala nako kapindika.

Kusinthako nkocepa zedi. Citsulo cikatalika ndi gawo limodzi la magawo 1,000, kubvutika kwa magetsi kuonjezeka ndi magawo awiri okha a magawo 1,000. Ndipo dzuwa la mwezi wa October pa Kafue likhoza kutalikitsa citsulo lokha ndi kunamiza cipangizo. Amisiri anapeza macenjera ace. Amata timapepala tinai, tiwiri pa mbali yokokedwa ndi tiwiri pa mbali yofinyidwa, natilumikiza kuti magetsi aziyerekeza tina ndi tinzace. Kutentha kukhudza tonse tinai mofanana, cotero sikuwerengedwa. Koma katundu akoka tiwiri nafinya tiwiri, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kuturuka pa nthambo.

Pansi pa masikelo a malole, monga ija ya pa Kafue, pa mseu waukuru wocokera kumwera kunka ku Lusaka ndi ku migodi, pakhala zitsulo zolimba zonga zitsa, zomatidwa timapepala timeneti. Lole ikaponda, citsa cifupika ndi muyeso wosaoneka ndi maso, wosafika ngakhale milimita imodzi. Oyendetsa malole ambiri adandaula kuti bwanji ayesedwa ekiselo iri yonse payokha, pamene katundu yense sanapyole malire. Yankho liri pa nkhata ija. Mseu sumva kulemera kwa lole yonse. Umva pamene thayala laponda. Kuyesa kwakukuru kumene kunacitika ku Illinois, ku America, kuyambira 1958 kufikira 1960, kunasonyeza kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu sikuwirikiza kawiri iai, koma pafupi-fupi ka 16. Phindu la matumba oonjezawo adya ndi mwini katundu. Amene alipira ndi wa minibasi wothyola sipuling'i m'maenje.

Kumtsinje kuli nchito yina. Pa Iolanda atunga madzi a m'Kafue, nawayeretsa, nawakankha kunka ku Lusaka. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda kuposa Kafue ndi mamita pafupi-fupi 300, ndipo mwa lamulo lija la mamita 10, kukweza madzi kumeneko kufuna bar 30, kusawerengera mphamvu yotayika pokhuzana madzi ndi paipi pa ulendo wa makilomita oposa 40. Ndico cifukwa madziwo apatsidwa mphamvu yina pa mapampu a pa Chilanga. Kumunsi kwa mtsinje, ku Kafue Gorge, lamulo lomwelo ligwira nchito mobwerera: madzi agwa mamita pafupi-fupi 400, ndipo kupanikiza kwaoko ndiko kuzunguza makina opanga magetsi.

Pa mapaipi otere paikidwa sensa. M'kati mwace muli kambale kopyapyala ka citsulo kokungidwa ngati cikopa ca ng'oma. Ku mbali imodzi kuli madzi, ndi kumbuyo kwace kuli mafuta ocepa opereka kukankhako ku kacidutswa ka silikoni. M'caka ca 1954 Charles Smith ku Bell Laboratories anapeza kuti silikoni imva kupindika koposa nthambo ya citsulo kuwirikiza makumi angapo, ndipo lero kacipangizo konse kasemedwa m'kacidutswa kosaposa njere ya mpunga. Ka mtundu womwewo kali m'makina oyesera kuthamanga kwa magazi ku cipatala, m'injini za magalimoto, ndi m'mafoni ena. Muyeso ukatsika mwadzidzidzi pakati pa usiku, woyang'anira adziwa kuti paipi yaphulika kwina, asanaone ngakhale dontho. Ndipo sensa yoikidwa pansi pa thanki inena kuya kwa madzi popanda munthu kukwera makwerero.

Pali nzeru imodzi yaing'ono imene iyenera kutamandidwa. Masensa ambiri a m'mafakitale atuma uthenga wao ndi magetsi a pakati pa mamiliampu 4 ndi 20. Paipi ikakhala yopanda kanthu sensa situma 0, ituma 4. Cifukwa cace ncakuti nthambo ikaduka, kapena mbala zikaidula pofuna mkuwa, magetsi afika pa 0, ndipo wa m'cipinda adziwa kuti mthenga wafera panjira. Sanganyengedwe kuti m'paipi muli zii. Ndi monga mlonda amene aomba mluzu nthawi ndi nthawi ngakhale kulibe mbala, kuti a m'nyumba adziwe kuti ali maso.

Mtundu wina ngwa mwala. M'caka ca 1880 abale awiri, Jacques ndi Pierre Curie, anapeza kuti mwala woyera wonga nsangalabwi, wochedwa quartz, ukafinyidwa uturutsa magetsi wokha. Kalaita kolira kuti khethe poyatsa moto kagwira nchito mwa njira imeneyi. Koma magetsiwo athawa msanga, cotero cipangizo cotere cimva kugunda, kuphulika ndi kunjenjemera, koma sicingayese thumba logona pa sikelo.

Tsono mphasa ya magetsi. Iyi ndiyo yosabvuta koposa zonse, ndiponso ndiyo imene anthu aicitira mwano koposa. Siyesa kanthu, idziwa mau awiri okha, inde ndi iai. M'kati mwa mpira wace wokhuthala muli timapepala tiwiri ta citsulo, kena pamwamba kena pansi, ndipo pakati pao pali siponji yoboola-boola yoletsa kuti tisakhudzane. Phazi likaponda, siponji ifinyika, zitsulo zikhudzana m'mabowomo, ndipo magetsi adutsa. Mphasa yotere ikhoza kuliza belu pofika mbala pakhomo, kapena kukumbutsa wokhala m'galimoto kuti amange lamba. Yoyalidwa pa bedi la nkhalamba yodwala iitana namwino pamene kulemera kwacoka, ndiko kuti wodwalayo wadzuka usiku. Ziriponso zina zopangidwa ndi mpira wosanganiza ndi kaboni, zimene zipititsa magetsi ambiri monga mwa ukuru wa kuponda, ndipo madokotala aona nazo malo amene thupi la wogona nthawi yaitali lingacite cironda. Koma nchito yaikuru ya mphasa ndiyo kuyalidwa pansi patsogolo pa makina odula, opsinja ndi opera, kuti munthu akayandikira pamene pali mano, makinawo aime iye asanatambasule dzanja.

Mphasa yabwino ya pa makina iri ndi nthambo zinai, ziwiri pa citsulo ciri conse, kuti kabokosi koiyang'anira kazipititsa magetsi ocepa nthawi zonse; nthambo ikaduka makina aima, ngati kuti munthu waponda. Ndiponso munthu akacoka pa mphasa makina sayamba okha. Afuna kuti wina adinde batani loikidwa patali, pamene aona bwino kuti pamalopo palibe munthu. Ukuru wa mphasa nao sungopimidwa ndi maso. Makina olemera sangaime nthawi yomweyo, ndipo mphasa iyenera kuyambira patali kotero kuti ngakhale wofulumira asafike pa mano gudumu likali kuzungulira.

Apa ndi pamene mtima wa munthu upambana nzeru za injiniya. Makina oima-ima acedwetsa nchito, ndipo kumene kuli bonasi ya matani munthu ali yense afuna kuti lamba asaime. Pamenepo wina ayala thabwa pamwamba pa mphasa kuti kulemera kwace kugwere pa simenti, wina alumikiza nthambo m'kabokosi kuti makina asamvenso. Wocita ici kawiri-kawiri si mlendo pa nchito, koma katswiri wa zaka zambiri amene adziwa pamene dzanja liyenera kulekezera. Iye apulumuka ndithu. Koma aweruka osacotsa thabwa, ndipo wolowa usiku ndi mnyamata wa miyezi iwiri amene anauzidwa pophunzira nchito kuti mphasa idzamcinjiriza. Akuru anati cosamva anaciphikira m'masamba. Coipa ca pa fakitale ncakuti wophikidwa sakhala yemwe sanamve.

Zipangizo nazo zinama, ndipo ciri conse ciri ndi bodza lace. Kapaipi kopita ku geji katsekeka ndi dzimbiri kapena matope, muvi nuima pa malo ooneka bwino pamene m'kati zinthu zasintha. Ndico cifukwa wa nchito wozolowera agogoda galasi pang'ono ndi cala, ndipo akaikira muvi umene sunagwedezeke tsiku lonse koposa umene ubvina. Bodza loipitsitsa ndi la muvi wogona pa 0 pamene m'paipi mukali mpweya. Fitala wocenjera samasula mabauti asanatsegule potulutsira mpweya ndi kumva yekha kuti kwatha. Siponji ya mphasa ikalamba, madzi nalowa. Cifukwa ca ici geji iyesedwa pa cipangizo ca mafuta cosenzetsedwa zitsulo zodziwika kulemera kwace, ndipo masikelo a malonda ayang'aniridwa ndi Zambia Metrology Agency. Pa boila sakhulupirira geji yokha. Pakhala valavu ya sipuling'i imene itseguka yokha nthunzi ikapyola malire, ngakhale woyang'anira ali m'tulo.

Kupanikiza koopsa koposa konse ndi kumene kulibe paipi. Zotsala za miyala yoperedwa ku migodi zitayidwa pamodzi ndi madzi m'maiwe akuru ochingidwa ndi makoma a dothi ndi mcenga. Mcenga ulimba cifukwa njere zace zitsamirana. Koma madzi a pakati pa njerezo akapanikizidwa, ndiwo asenza katundu, njere zilekana, ndipo cimene dzulo cinali phiri lero ciyenda ngati phala. Pa 25 September 1970, caka comweco cimene fakitale ya Nitrogen inayamba nchito, matope otere a pamwamba pa mgodi wa Mufulira analowa pansi kupyolera m'nthaka yogumuka, napha amuna 89.

Poyesa madzi obisikawa mainjiniya aboola dzenje m'khoma la dziwe, natsitsiramo kacitsulo kotalika ngati cikhato. Ku nsonga kwace kuli kamwala kolola madzi koma koletsa dothi. Kumbuyo kuli kambale kopyapyala kaja, ndipo pa kambaleko pamangidwa kanthambo kokungika ngati ka kaligo kapena bangwe. Woimba bangwe adziwa kuti nthambo yokungika ilira mau ang'ono okwera, ndi yolefuka ilira mau akuru otsika. Madzi akakankha kambale, kanthambo kalefuka pang'ono. Kamaginito ka m'katimo kakagwedeza, kenaka kamvera kulira kwace, ndipo kutsika kwa mau kunena za kukwera kwa madzi. Cipangizo cotere cikhoza kukhala m'dothi zaka zambiri, ndipo nthambo yace yopita kunja ingatalike bwanji, mauwo sasintha panjira. Nyengo ya dzinja, mvula ikagwa masiku otsatizana, ndiyo nthawi imene ziwerengero zace ziyenera kuonedwa tsiku ndi tsiku, pakuti kawiri-kawiri madzi ayamba kukwera m'khoma dothi lisanasonyeze mng'alu.

Anthu a pa Kafue angayese kuti nkhani ya maiwe ndi ya ku migodi kokha. Pa 18 February 2025 khoma la dziwe la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia pa Chambishi linagumuka, madzi a asidi nalowa m'mtsinje wa Mwambashi ndi m'Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mphepete inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope. Mtsinje umenewo ndi womwewo umene utsika kumwera, nudutsa pa Itezhi-Tezhi, nukhota kum'mawa m'madambo a lechwe, nupita pansi pa ulalo wa njanji wa 1906, pafupi ndi mapampu a pa Iolanda ndi mabwato a asodzi a pa Kafue.